Botolo linaulula ine ndisanalape

Adokotala ndi amene anayambitsa zonsezi. Atandimanga kansalu kaja pamkono n'kupopa, anayang'ana manambala, n'kuyang'ana mimba yanga, n'kuyang'ananso manambala. Anati magazi akuthamanga kwambiri, ndichepetse mchere, ndichepetse zamafuta, ndiyambe kulimbitsa thupi. Za mowa anafunsanso. Ndinayankha monga amayankhira mwamuna aliyense amene dzina lake lili m'kaundula wa mpingo: "Mwa apo ndi apo, adokotala." Sanafunse kuti apo woyamba ndi apo wachiwiri atalikirana bwanji, ndiye nanenso sindinafune kuwatopetsa.

Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, a Mlembi anawerenga kuti abambo a mumpingo akuyambitsa gulu lopalasa njinga m'mapiri. Mayi a kunyumba anandiponyera diso kuchokera kumbali ya amayi, diso lija limene limadutsa mabenchi 12 osaphonya. Pomatuluka m'tchalitchi n'kuti dzina langa litalembedwa kale, ndipo dzanja lolemba silinali langa.

Nzeruyi inabwera ndi mnyamata wathu wina amene anakaphunzira ku America. Timangomutcha Wakunja. Anati kumeneko kuli magulu a Akhristu okwera njinga m'mapiri: amakumana Loweruka m'mawa, kupemphera, kupalasa m'tinjira ta m'nkhalango, akafika pamwamba n'kugawana mawu. Anatiuzanso kuti masewerawa anayambira ku California m'zaka za m'ma 1970, pamene anyamata a ku Marin County, ena mwa iwo Gary Fisher ndi Joe Breeze, ankatenga njinga zakale zolemera n'kumatsetsereka nazo m'mapiri mpaka girizi wa m'mabuleki kumapsa n'kumafuka. Mpikisano wawo umene unayamba mu 1976 ankautcha Repack, poti munthu akafika pansi ankayenera kupakanso girizi. Ife tinagwedeza mitu mwaulemu. Koma mumtima ndinkaganiza za anthu a nkhuni amene amatsika phiri lathu la Zomba tsiku ndi tsiku, mtolo wotalika kuposa mwini wake uli pakaliyala, buleki yake ili patapata wopondereza patayala. Amenewo palibe anawalemba m'buku. Kusiyana kwathu ndi iwo n'kwakuti iwo amatsika phiri kuti adye, pomwe ife tinkafuna kulikwera chifukwa tinadya kwambiri.

Njinga ndinagula ya kaunjika. Wogulitsa analumbira kuti ili ndi magiya 21, ndipo sananame: onse alipo, kungoti atatu okha ndiwo amabwera kuntchito. Chishalo chake n'chopyapyala ngati mpeni wosendera chinangwa. Wakunja anaumirira kuti tigulenso timakabudula tothina tija ta anthu a njinga. Nditayesa kanga kunyumba, mwana wanga wamkazi anatuluka panja osanena kanthu, mayi ake n'kuti, "Abambo, mukadutsa pamsika mutavala zimenezo, ine mundipeza kwathu ku Jali." Ndinavala buluku pamwamba pake.

Kwathu kuno gulu silikhala gulu popanda komiti ndi malamulo. Tinakumana m'kalasi ya Sande sukulu, abambo 11 titakhala pa timipando ta ana. Lamulo loyamba, kusunga nthawi, linadutsa msanga chifukwa aliyense ankadziwa kuti silidzatsatidwa. Lachiwiri linali la chisoti, lachitatu la ndalama ya mwezi ndi mwezi. Tinafika pa lachinayi dzuwa lili pamutu, tinachokapo likulowa.

Anaputa mavu ndi Wakunja yemweyo. Anati tigwirizane msanga za zakumwa, chifukwa ngakhale ku America nkhaniyi imagawa magulu otere. Ena akamaliza kupalasa amakhala pamalo oimika magalimoto n'kutsegula botolo limodzi lozizira, akuti palibe tchimo bola usaledzere. Ena safuna kumva n'komwe fungo lake, akuti pagulu pakhoza kukhala munthu amene akulimbana ndi kusiya mowa, ndipo iwe ukamutsegulira botolo pamphuno wamukankhira kuphompho. Enanso amati imwa kunyumba kwako, koma osati utavala malaya a gulu okhala ndi mtanda pachifuwa.

A Mkulu wa mpingo anaimirira pang'onopang'ono. Anati nkhaniyi ilibe mbali ziwiri. Anatchula Miyambo 20, anatchula Aefeso 5, anatikumbutsa zimene zinamuchitikira Nowa atatsika m'chingalawa. Anati ngakhale dontho.

A Mlembi, mphunzitsi wopuma ntchito amene sakweza mawu, anatsokomola kaye. Anati iwo sakutsutsa, angofuna kuthandizidwa kumvetsa. Ku ukwati wa ku Kana kunali mitsuko 6 yamwala, uliwonse wolowa malita pafupifupi 100, ndipo chimene chinatungidwamo sichinali tiyi. Paulo nayenso analangiza Timoteyo za kavinyo pang'ono chifukwa cha m'mimba. Anawonjeza kuti mkazi wa Martin Luther, Katharina, ankafulula mowa panyumba, mwamuna wake n'kumauyamikira. Ndipo madzi a mphesa osaledzeretsa amene mipingo yambiri imagwiritsa ntchito pa mgonero anayamba ndi Thomas Welch, dokotala wa mano wa mpingo wa Methodist ku New Jersey, mu 1869. "Ndiye ndimangodzifunsa," anatero a Mlembi, "kuti zaka zonse zija 1869 isanafike, abale athu ankamwa chiyani pagome la Ambuye?"

"Aphunzitsi," anayankha a Mkulu, "kodi Luther wanuyo anatsikapo phiri la Zomba panjinga?"

Apa ndiyenera kuvomera kuti a Mkulu anagwira pamutu pa njoka. Vesi mukhoza kulitembenuza uku ndi uku mpaka kuche, koma kona ya msewu wa paphiri simungaitembenuze. Mowa umachedwetsa uthenga wochoka m'maso kupita kudzanja la buleki, umasokoneza kachiwalo ka m'khutu kamene kamatithandiza kuti tisapendeke, ndipo umatapa madzi m'thupi lomwe latuluka kale thukuta. Choipitsitsa n'chakuti umamuuza munthu wa zaka 52 kuti akadali ndi zaka 19.

Panali mbali yachitatu, ya ife amene sitinalankhule. Tinkayang'ana nsapato zathu ngati taziona koyamba. Itafika nthawi yovota, lamulo lachinayi linadutsa popanda wotsutsa: paulendo timwa madzi, sikwashi kapena thobwa basi. Dzanja loyamba kukwera linali langa. Linakweranso pamwamba kuposa onse, mwakuti a Mkulu ananditchula dzina pondiyamikira.

Ulendo woyamba unakonzedwa Lachitatu, koma kunagwa maliro mumpingo ndiye tinausunthira Loweruka. Sungani mfundo imeneyi, muifuna kutsogoloku.

Lachisanu usiku ndinakhala pansi n'kudzikambira mlandu ndekha, ine woimba mlandu, ine loya, ine woweruza. Lamulo likuti paulendo. Kodi munthu akafika pamwamba pa phiri n'kutsika panjinga n'kukhala pamwala, ali paulendo? Wafika. Komanso ndinamva kwa Wakunja kuti ku Germany kuli chakumwa cha mowa wosakaniza ndi madzi a mandimu chimene dzina lake, Radler, limatanthauza wopalasa njinga. Anthu amene amapanga magalimoto olimba chotero sangalakwitse pa nkhani ya njinga. Ndinaganizanso za mbiri: fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, ya mu 1968, inali yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, ndiye kumwa Gilini wake n'kulemekeza chuma cha dziko. Woweruza anagamula mondikomera. Ndinatsanulira ma Gilini awiri m'botolo la pulasitiki lakuda lija limakhala pa felemu ya njinga, n'kutseka zolimba.

"Abambo, madzi anuwo bwanji akuchita thovu?" anafunsa mayi a kunyumba ali pakhomo la khitchini.

"Mpopi ukangobwera kumene umatero."

"Oho." Anangotero. Amene anakwatira akudziwa kuti oho wotere amasungidwa, ndipo amabereka chiwongola dzanja.

Tinanyamuka patchalitchi 6 koloko itadutsa, pemphero litachitika. A Mkulu anamangirira zigubu ziwiri za malita asanu asanu pakaliyala, n'kulengeza kuti mayi a kunyumba kwawo atiphikira thobwa la chimera cha mawere. Tinaomba m'manja.

Za kukwera sindinena zambiri. Kungodutsa nyumba zakale za boma zija, zotsalira za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, miyendo yanga inalemba kalata yosiya ntchito. Ndinatsika n'kuyamba kukankha. Ndinakankha njingayo mtunda wautali kotero kuti pakati pa ine ndi iyo, amene analimbitsa thupi ndi ine, amene anakwera phiri mwaulemu ndi iyo. Bambo wina wa nkhuni akutsika anandipatsa moni n'kufunsa ngati yaphulika. Ndinati ayi. Anafunsa ngati tcheni chaduka. Ndinati ayi. Anandiyang'ana mwachisoni n'kupitiriza, ndipo ndikukhulupirira anakasimba kwawo za munthu wa m'tauni amene amaperekeza njinga kukaona phiri.

Tsono apa m'pamene nzeru zanga zinayamba kundidya. Munali mu Okutobala, mwezi umene ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Anzanga ankakoka mabotolo awo n'kumamwa madzi. Ine botolo ndinali nalo limodzi, ndipo sindikanatha kulitsegula pamaso pa anthu. Kummero kunauma gwa. Tinadutsa pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse wa Zomba, ine ndikufa ludzu ngati mbuzi ya pamsika. A Msungichuma anandifunsa chifukwa chimene sindikumwera madzi anga. Ndinati ndikusala. Anandiyang'ana ndi ulemu watsopano. Ana ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu anandipulumutsa pang'ono, ngakhale anandidula mtengo wa mzungu ataona chisoti.

Kupitirira apo phula linatha, tinalowa msewu wa fumbi wa m'nkhalango ya paini, wa miyala ndi mizu. Njinga inkadumpha ngati mwana wa ng'ombe. Pa bampu iliyonse botolo linkalira kuti khutchu khutchu, ndipo nditaligwira ndinapeza lalimba ngati tayala lopopedwa kumene. Aliyense amene anakhutchumulapo botolo la zoziziritsa kukhosi akudziwa zimene mpweya wa m'katimo umachita ukatenthedwa ndi kugwedezedwa. Ine ndinazidziwa kuyambira ndili Sitandade 5. Kungoti Lachisanu usiku woweruza uja sanaitane mboni ya sayansi.

Tinafika pa Emperor's View cha m'ma 11 koloko. Malowa anapatsidwa dzinali chifukwa Haile Selassie wa ku Ethiopia anaimapo mu 1965, ndipo pafupi pomwepo pali Queen's View, pamene anaimapo mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Pansi pathu panali tauni yonse ngati timabokosi ta machesi, kutsogolo nyanja ya Chilwa ikunyezimira, ndipo kutali uko phiri la Mulanje litakhala ngati mfumu pa bwalo. Anthu otchukawo sindikukhulupirira kuti anafika pamenepa akukankha njinga.

Tinatsamiritsa njinga pamodzi padzuwa, n'kuima mozungulira, zisoti m'manja. A Mkulu anayamba pemphero. Iwo akamapemphera sadumpha munthu: anapempherera boma, odwala, a m'ndende, ana a sukulu, mvula ya chaka chino ndi ya chaka chamawa. Ali pa amasiye ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga. Tsiii. Ndinatsegula diso limodzi. Kukamwa kwa botolo kunali kukutuluka kathovu koyera. Ndinayamba pemphero langalanga, lalifupi ndi lachindunji, lopikisana ndi la a Mkulu.

"Ndipo Ambuye," anakweza mawu a Mkulu, "ngati pakati pathu pali chobisika, chiululeni!"

Phuu!

Sindinaonepo pemphero likuyankhidwa msanga chotero. Chitsekerero chinauluka kulunjika ku Chilwa. Thovu linakwera m'mwamba ngati mpopi wothyoka, n'kutsikira pa ine kuyambira kumutu mpaka kubuluku, lotsala n'kuwaza malaya oyera a a Mkulu. A Mlembi anadzigwetsa pansi poganiza kuti ndi mfuti. Kenako kunagwa bata, ndipo kamphepo ka paphiri kanagawa fungo mwachilungamo kwa aliyense.

Chimene ndimachikumbukira mpaka lero ndi ichi. Pa abambo 10 a lamulo lachinayi, panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti kodi chimenechi n'chiyani. Onse anadziwa. A Msungichuma mpaka ananunkhiza kawiri n'kunena mosaganiza, "Gilini uyu." Anthu atawatembenukira anawonjeza msanga kuti ankagwira ntchito pafupi ndi bala kalekale.

A Mkulu anapukuta magalasi awo. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Achimwene, si inu munakweza dzanja poyamba?" Analoza mwala wina chapatali n'kuti ndikakhale pamenepo ndilingalire, ndipo chikho cha abale ndisachikhudze. Wakunja anandibweretsera madzi otsala m'botolo lake mozemba. Dziwani pano kuti pa ma Gilini awiri aja, pakamwa panga sipanalowe ngakhale dontho. Lamulo la a Mkulu ndinalisunga ndendende, ngakhale mosafuna.

Ndili pamwala wanga wa manyazi ndinaona akumasula zigubu. Zinali zitafufuma mimba ngati ine. Potsegula chinalira kuti fyuu, koma poti chinali chigubu cha a Mkulu, aliyense anamva ngati kuusa moyo kwa chakumwa chodalitsika. Mukukumbukira maliro aja? Thobwalo linaphikidwa Lolemba kukonzekera Lachitatu. Linagona Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, m'nyumba ya malata mu Okutobala, kenako linakwera phiri padzuwa likukhutchumuka. Agogo anga ankafulula masese, ndiye ndikudziwa: phala la chimera likagonera, shuga wake amasanduka china chake, ndipo china chakecho sichifunsa kuti mwini chigubu ali ndi udindo wanji mumpingo.

Anadalitsa. Chikho chinayamba kuzungulira.

"Lakhwima bwino," anatero a Msungichuma.

"Lili ndi kaukali kake," anavomera a Mlembi, akutambasulanso dzanja.

"Ndi mawere enieni amenewo," anatero a Mkulu monyadira. "Osati za masiku anozi."

Chikho chachitatu chitadutsa, anayamba makorasi, ena akuimba ina, ena ina, onse akukhutira kuti akugwirizana. A Mlembi, munthu wosakweza mawu uja, anakwera pamwala n'kuyamba kuphunzitsa mitengo ya paini za mitsuko ya ku Kana m'Chingerezi. A Msungichuma anakhululukira ngongole zonse za gulu, gulu lomwe linali lisanakongoze munthu. Chigubu chachiwiri chili pakati, a Mkulu analoza mapiri a kutsidya kwa Chilwa n'kulengeza kuti Loweruka likudzali tipalasa mpaka ku Mozambique kukalalikira, ndipo tibwerako nkhomaliro isanakwane. Anakumbatira Wakunja n'kumuuza kuti amamukonda ngakhale ali ndi ndolo.

Kenako anati titsike.

Apa ndinachita mantha enieni. Msewu wotsika phiri la Zomba uli ndi makona okhota ngati chigongono, mbali ina khoma la mwala, mbali ina phompho. Pa anthu 11, amene maso ake ankaona msewu umodzi ndinali ine ndekha, wochimwa wa pamwala. Ndinawapempha kuti tikankhe njinga. A Mkulu anati sangalandire uphungu kwa munthu wonunkha mowa. Anakwera, anapalasa kawiri, njinga inapita kumanzere iwo akuiuza kumanja, n'kukalowa nawo pang'onopang'ono m'tchire la mabulosi aminga. Tinawazula akuseka. A Msungichuma anakwera chishalo choyang'ana kumbuyo n'kudandaula kuti wina waba mahandulo.

Ndinachita chimene sindinachitepo mumpingo: ndinalamula. Ndinachotsa mpweya m'matayala a kutsogolo a njinga zonse, imodzi ndi imodzi, n'kubisa pampu m'buluku. Kenako ndinaimitsa lole ya matabwa imene inkatsika, n'kugwirizana ndi dalaivala mtengo umene unandipweteka kuposa chishalo. Tinakweza njinga, tinakweza abale. Anatsika phiri atakhala pamatabwa akuimba, ine ndili kumapeto ndagwira a Mkulu lamba kuti asatsike kukalalikira anyani.

Patchalitchi tinapeza amayi akutuluka ku msonkhano wawo. Anaona amuna awo ali osangalala, maso ofiira pang'ono, akununkhira chimera ngati ana ochokera ku chinkhoswe. "Koma phiri lawapindulira," anatero mayi wina. Kenako mphepo inawomba kuchokera kumene ndinaima ine. Mowa wouma pa malaya padzuwa la Okutobala umanunkha ngati shabini ya Lolemba m'mawa. Amayi onse anabwerera m'mbuyo kamodzi. Mayi a kunyumba anandiyandikira, kununkhiza, n'kunena motsitsa, "Mpopi uja wabweradi mwamphamvu." Oho uja anali atabereka.

Mlandu unakambidwa sabata yotsatira m'kalasi yomwe ija. Ndinavomera za botolo, poti mboni zinali 10 ndi malaya a a Mkulu. Koma ndinapempha kufunsa funso limodzi, mwaulemu wonse: kodi thobwa lija linali bwanji?

"Thobwa ndi chakudya," anatero a Mkulu. Anali ndi timabala ta minga pamphumi.

"Nanga likagona masiku asanu, bambo?"

"Ndi chakudya chogona."

Ndinatembenukira kwa a Mlembi, munthu wa mbiri ndi zaka zake, kuti andithandize. Ndinafunsa kuti kodi thobwa limasiya kukhala thobwa tsiku liti, ola lanji. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kuti nkhani imeneyo ndi yakuya, ifunika komiti yapadera. A Msungichuma anati iwo chimene akukumbukira n'chakuti mpweya wa pamwamba pa phiri ndi wochepa, umazunguza mutu. Onse anavomera kuti unalidi mpweya. Za lole ya matabwa palibe anazikumbukira, ndiye ndalama yanga inapita ndi mpweya womwewo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, makamaka mkhatewo ukakhala wa malita asanu.

Chigamulo chinali chakuti kwa miyezi itatu ndisanyamule botolo langalanga, ndizimwa madzi ondipatsa a Msungichuma atayamba awanunkhiza. Ndipo pofuna kuti ndiphunzire kutumikira abale, ine ndi amene ndizinyamula zigubu za thobwa pakaliyala panga, komanso kukauza mayi a kwa a Mkulu tsiku la ulendo kuti akonzekere. Gulu linavotanso kuti zigubu zikhale zitatu, poti ulendo watha zinachepa.

Tikutuluka, a Mlembi anandikokera pambali kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinaganiza kuti chikumbumtima chawagwira, abweza ya lole ija. Anayang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, ulendo wotsatira ndi Loweruka pa 14, eti?"

"Eya, aphunzitsi."

"Mukapita kwa mayi aja," ananong'ona, "mukawauze kuti ndi Lachitatu."